Njinga Imene Inasiya Kuyankhula

Kuseri kwa bekale kunali kakhomo kachitsulo, ndipo m'mawa uliwonse dzuwa lisanafike pamalata, pakakhomopo pankaima njinga yakuda ya keliyala yotambalala. Mwini wake anthu ankangomutchula kuti Wabuledi. Ankasanja makireti atatu a buledi wotentha pakeliyala, n'kuwamanga ndi malamba a chubu chakale, kenako ulendo: magolosale anayi a mumsewu wa kumsika, kantini ya pasiteshoni, ndipo pomaliza khitchini ya chipatala chimene chinali pamwamba pa chitunda. Kuchipatalako ndiye kunali mutu wa ntchito yonse. Odwala ankamwa tiyi seveni koloko, ndipo buledi ankayenera kufika nthawiyo isanakwane.

Ntchito imeneyi anaipeza movutikira, atatha zaka ziwiri akupondaponda m'maofesi ndi envelopu ya makalata m'khwapa. Zaka ziwirizo iye ndi mkazi wake ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlamu wake, mchimwene wa mkaziyo, amene ankakonza njinga m'shedi ya malata pamphambano, patsinde penipeni pa chitunda cha kuchipatala. Mlamuyu anthu ankamutchula kuti a Khutu, chifukwa njinga ankayamba aimvetsera asanaikhudze. Anali munthu wa mtima wabwino, koma pakamwa pake panalibe buleki. Tsiku lina anapeza Wabuledi akulimbana ndi pampu, thukuta lili kamukamu, tayala lili lophwa chiphwere. A Khutu anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere mlongo wawo wakwatiwa ndi mwamuna woti ngakhale mpweya, chinthu chaulere, ukumukana. Inali nthabwala ya pachilamu, yoti munthu aseke n'kuiwala. Koma Wabuledi sanaiwale. Ukamagona m'nyumba ya eni, nthabwala imalasa kuposa mwano. Atangosamukira m'nyumba ya lendi n'kugula njinga yakeyake, analumbira chamumtima kuti njingayo sidzapondako pashedi ya mlamu wake.

Njingayo ankaisamala kuposa malaya ake. Loweruka masana ankaigadamitsa pabwalo n'kumapukuta sipoko imodziimodzi, mkazi wake akumuseka kuti wamubweretsera mkazi mnzake. Koma panali kanthu kamodzi kamene kankamusowetsa mtendere. Akasiya kupalasa potsika chitunda, kumbuyo kunkamveka tiki-tiki-tiki, osalekeza. Kwa iye chitsulo chikamalira ndiye kuti chauma, chikufuna mafuta. Tsono Lamlungu lina mnansi wake woyendetsa lole anamugawira girizi wa m'chitini, wakuda, wolimba, uja amapaka m'mawilo a magalimoto akuluakulu. Wabuledi anachotsa gudumu la kumbuyo, anatenga msomali ndi hamala n'kumasula kachivundikiro ka fuliwilo, kagudumu ka mano kaja kamakhala pa habu kamene tcheni chimakoka. Anayamba kukanikizira girizi m'kati ndi chala. Anapaka, anapakanso, mpaka girizi anatulukira mbali inayo. Atabwezeretsa gudumu n'kulizunguza, linazungulira lili zii. Abale inu, munthu uja anasangalala ngati wakhoza mayeso.

Lolemba lake, akutsika chitunda ndi makireti opanda kanthu, anadutsa pashedi paja miyendo ili chete, njinga ikuyenda mwakachetechete. A Khutu anali atangotsekula, akupachika matayala pamisomali. Anatembenuka, anapendeketsa mutu, kenako anakweza dzanja.

"Alamu, njinga yanu yasiya kuyankhula. Mwaidyetsa chiyani? Tabwerani nayo ndiione."

"Yakhuta, alamu," anayankha Wabuledi osatsika n'komwe. "Wokhuta salongolola."

Anapitirira akumwetulira yekha, akudziuza kuti lero wabweza ya pampu ija.

Masabata awiri anadutsa bwinobwino. Kenako nyengo inasintha, m'mawa kunayamba kuzizira kolowa m'zala. Tsiku lina akuchoka pagolosale yachiwiri, anapondereza pedulo ndipo mwendo unangotsika wopanda kanthu, ngati munthu waphonya sitepe. Kenako khotcho, njinga inagwiranso. Wabuledi anati ndi tcheni chakhwefuka basi. Madzulo anakokera gudumu m'mbuyo n'kulimbitsa manati. M'mawa mwake njinga inaphonya katatu. Anati ndiye kuti tchenicho chatha, anakagula chatsopano chonyezimira n'kuchiikapo yekha. Njinga inaphonya kasanu. Munthu wina akanaima pamenepo n'kudzifunsa, koma mkulu uyu mutu wake unali wouma kuposa chishalo chimene ankakhalira.

Ndiye anatulukira mankhwala akeake. Anaona kuti akayedzamiritsa njinga kukhoma la uvuni pamene akudikira buledi, inkayenda bwino kwa kanthawi ndithu. Sanadziwe chifukwa chake, ndipo sanafune kudziwa. Anangoti njinga yake imamva kuzizira ngati munthu, n'kumaiwotheretsa moto m'mawa uliwonse. Vuto linali loti chitunda cha kuchipatala chinali kumapeto kwa ulendo, kutentha konse kutatha. Lachiwiri lina njinga inamukana pakati pa chitunda, ndipo anaikankha mpaka pamwamba, n'kupeza odwala atamwa tiyi wopanda kanthu. Sabata yotsatira zinachitikanso. Mkulu wa kukhitchini sanamulankhule n'komwe, anangoimba foni kubekale.

Mayi a bekale sanali munthu wokalipa, n'chifukwa chake mawu awo ankaopsa. Anamuitanira m'kaofesi kawo konunkhira yisiti, anamupatsa mpando, anamufunsa za kunyumba, kenako anafika pankhani.

"Bambo, kawiri konse ndakupepeserani kuchipatala. Kachitatu sindipepesa. Pali munthu wa njinga yamoto amene amabwera pano tsiku ndi tsiku kudzapempha ulendo wanuwu."

Madzulo ake anafotokozera mkazi wake nkhaniyo mozungulira, akuimba mlandu kuzizira, chitunda, ndi anthu opanga matcheni a masiku ano. Mkaziyo anali akusita ovololo yake ya kuntchito. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaimika simbi, n'kumufunsa modekha ngati njingayo inali ndi matenda a chinsinsi oti achimwene sangawaone. Wabuledi anati akapita kumeneko, dzuwa lisanalowe msika wonse udziwa kuti walephera kusamala njinga yake yomwe.

"Nanga ntchito ikatha, tikabwerera m'kachipinda kaja, msika sudziwa?" anafunsa mkaziyo.

Mawuwo anamulowa, pakuti kachipinda kaja ankakaopa kuposa chilichonse. Koma m'malo movomera anatuluka panja n'kuyamba kupukuta masipoko amene anali owala kale.

Kuyambira sabata imeneyo anaona chinthu china chimene chinamuwawa kwambiri. A Khutu, munthu wosatsekula shedi seveni koloko isanakwane chibadwire, anayamba kupezeka pamphambano paja m'mamawa, atakhala pabenchi, atavala chipewa cha ubweya, njinga yawo itayedzamira pamzati ili ndi thabwa pakeliyala. Ankangokweza dzanja. Wabuledi anatsimikiza mumtima kuti mlamu wake wamva za kuchedwa kuja, ndipo akulawirira kuti adzaonerere tsiku limene adzagwe. Akafika pamenepo ankayang'ana kumbali, n'kumapalasa mano ali gwa.

Tsikulo linafika Lachisanu. Kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Anaiwotheretsa njinga nthawi yaitali kuposa masiku onse, koma pagolosale yachitatu mwini wake anachedwa kutsekula, ndipo pofika patsinde pa chitunda zitsulo zonse zinali zitazizira. Anaimirira pamapedulo kuti atenge liwiro. Mwendo unatsika wopanda kanthu, ndipo ulendo uno khotcho uja sanabwere. Anagwera pachitsulo cha pakati, ululu unamufika mpaka m'mano, njinga inapendekeka, ndipo anachita kutchinga makireti ndi phewa kuti buledi asagwere m'matope. Ataimika njinga anazunguza pedulo ndi dzanja. Inazungulira kutsogolo mopepuka ngati mmene imazungulirira kumbuyo, gudumu lili phee. Anayang'ana nthawi pafoni. Kunatsala mphindi makumi awiri, ndipo iye ankadziwa bwino kuti kukankha katundu pachitunda chija kumadya theka la ola ndi kupitirira. Mantha anamugwira. Anaona kachipinda kaja m'maso mwake, ndi kazenera kake kotseka ndi katoni.

Anamva mapazi kumbuyo, ndipo anadziwa kuti ndi ndani. Anaweramitsa mutu kudikira chiseko. Chiseko sichinabwere. A Khutu anaimika njinga yawo pambali, anayamba kumasula malamba a chubu, n'kusamutsira makireti pathabwa paja limodzilimodzi. Anamanga mofulumira, anagwedeza katunduyo kuti aone ngati walimba, kenako anamupatsa mahandulo.

"Kaperekeni buledi kaye, alamu. Odwala sadikira. Yanuyi isiyeni, tiifunsa mukabwera."

Wabuledi anagwira mahandulowo. Anakwera. Njinga ya eni inali yakale, utoto unasupuka, koma ukaiponda inkamva. Analowa pageti la chipatala kutatsala mphindi zinayi, ovololo itanyowa ndi mvula ndi thukuta lomwe. Mkulu wa kukhitchini anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana iye, n'kulandira buledi. Potsika chitunda, kumbuyo kwa njinga ya mlamu wake kunkamveka tiki-tiki-tiki mokweza, ndipo kwa nthawi yoyamba anayamba kukayikira nzeru zake.

Atabweza makireti kubekale, anabwerera kushedi akuyembekezera kupeza njinga yake itaphwasulidwa. Anaipeza yosamasulidwa, itangogadamitsidwa pasaka. A Khutu anati sanafune kuweruza mlandu mwini wake palibe. Anamuuza kuti agwire tayala la kumbuyo ndi manja awiri, maso akhale patcheni, ndipo iwo anayamba kuzunguza pedulo pang'onopang'ono. Anamufunsa ngati tcheni chikudumpha mano. Wabuledi anati ayi. Anamufunsa ngati kagudumu ka mano kakuzungulira. Anati kakuzungulira. Anamufunsanso ngati akumva tayala likukokedwa m'manja mwake, ndipo anati ayi, lili chiimire.

"Ndiye tcheni chija munachinamizira," anatero a Khutu. "Tcheni chikukoka, mano akugwira, koma mphamvu ikuthera panjira isanafike pa habu. Mlandu uli m'kati."

Anachotsa gudumu, analigoneka pamwamba pa beseni, n'kuyala kansalu koyera pansi kuti timipira tachitsulo tisabalalike. Atayang'ana kachivundikiro kaja anaona zipsera za msomali, n'kumuyang'ana mlamu wawo pang'ono. Anagogoda pang'onopang'ono mpaka kanamasuka. Atanyamula kagudumu ka mano, m'kati munaoneka zinthu zoti munthu n'kuchita nazo manyazi. Girizi uja anali atasakanikirana ndi fumbi n'kusanduka matope akuda, olimba, oti kuchita kukokota ndi sikuludiraiva. A Khutu anakokota mosamala mpaka panaoneka tizitsulo tiwiri tonga zikhadabo, titagona chafufumimba m'malo mwake, titamatirira.

Anafotokoza mosathamanga, ngati akuuza munthu njira. Anati munthu akapalasa, tizikhadaboto timadzuka n'kukola m'mano a m'kati, gudumu n'kuyenda. Akasiya kupalasa, timangodumphadumpha pamwamba pa manowo, ndipo tiki-tiki uja ndi ameneyo. Kamene kamatidzutsa ndi kawaya kowonda ngati tsitsi, ndipo anakatulutsa ndi nsonga ya singano kuti akaone. Kunja kukatentha girizi amafewa, kawaya n'kukwanitsa. Kukazizira girizi amauma, tizikhadabo n'kugona tulo.

"Kawaya aka, alamu, mwakapatsa ntchito yokankha girizi wa lole. Phokoso limene munalitseka lija ndi limene limatiuza kuti m'katimu muli moyo."

Wabuledi anaulula zonse, za Lamlungu lija, za msomali, za tcheni chatsopano. A Khutu anangogwedeza mutu n'kumupatsa kachitini ka palafini ndi mswachi wakale, amvekere wodetsa ndiye atsuke. Anatsuka kachitsulo kalikonse mpaka kuyera, timipira n'kutiyanika pakansalu. Zitayera m'pamene kuwonongeka kunaoneka bwino. Mano a m'kati anali adakali akuthwa, mwa mwayi. Koma kachikhadabo kamodzi kanali katabenthuka kunsonga chifukwa chokola mwatheka masiku onse aja a khotcho, ndipo kawaya kanali katatopa, kosabwereranso m'malo. A Khutu anati izi kutsuka kokha sikungazichiritse. Mtima wa Wabuledi unagwa, pakuti mawa lake kunali ulendo wina, ndipo tizitsulo totere sitipezeka pashopu iliyonse.

A Khutu anaimirira, anapisa dzanja pamwamba pa mtanda wa denga, n'kutsitsa kabokosi ka machesi. Atakatsekula, munali tizikhadabo tiwiri ndi kawaya katsopano, zokulungidwa m'kapepala ka mafuta. Wabuledi anafunsa kuti zimenezi zapezeka bwanji msangamsanga chonchi.

"Zakhala pamenepa chiyambire Lolemba lija munati yakhuta," anatero a Khutu. "Ndinamva mmene inadutsira, ndinadziwa. Mlongo wanga atandiuza za mayi a bekale, ndinakhoma thabwa pakeliyala yanga. Inu mumaganiza kuti ndimalawirira m'kuzizira muno kudzawerenga magalimoto?"

Wabuledi anayang'ana kabokosiko, m'manja muli palafini. Anakumbukira m'mawa monse muja ankayang'ana kumbali, akumutukwana munthu chamumtima, pamene munthuyo anali atakhala pabenchi kudikira kuti amutole akagwa. Manyazi anamugwira, koma chimene chinadzaza mtima wake kwambiri chinali kuthokoza, kochuluka koti sanadziwe pokuika. Anafunsa chifukwa chake sanangobwera kunyumba kudzamuuza. A Khutu anati munthu sumukakamiza mankhwala, amalavula, ndipo anawonjeza motsitsa mawu kuti ankadziwa kuti chimene chinathamangitsa mlamu wawo pashedi pano ndi pakamwa pawo pomwe, tsiku la pampu lija.

Wabuledi anavula chipewa chake, manja akuda omwewo.

"Alamu, mwandisungira ntchito, mwandisungira ndi nyumba yomwe. Ndinakuganizirani zoipa. Zikomo, ndipo pepani."

"Valani chipewa, mudwala," anatero a Khutu, akuyang'ana m'beseni. "Mukadwala amene avutike ndi mlongo wanga."

Anamanga limodzi. A Khutu anamuonetsa kupaka kagirizi kochepa kwambiri m'njira ya timipira, kongoti timamatire pamene akutisanja, koma patizikhadabo anadonthezapo timadontho titatu ta oyilo wa makina osokera, basi. Anatseka kachivundikiro, anabwezeretsa gudumu, analiwongola pakati, n'kulimbitsa manati. Kenako anauza mwini njinga kuti azunguze yekha. Wabuledi anakankha pedulo ndipo gudumu linagwira pomwepo, osaphonya. Atasiya, shedi yonse inamveka tiki-tiki-tiki, koyera bwino. Anayesa kakhumi, akugwira buleki n'kukankha mwamphamvu, ndipo kakhumi konse inagwira.

Mtima utakhala pansi, anaganiza zongomaliza kuulula, n'kunena za mankhwala ake aja, kuti masabata onsewa ankaiwotheretsa njinga kukhoma la uvuni. A Khutu anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi dzanja, koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pasaka paja, akufunsa ngati ankaifunditsanso bulangeti. Ulendo uno Wabuledi anaseka nawo, mpaka misozi, mpaka mayi wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu anadzuka kudzaona chimene chachitika.

Munthu wa njinga yamoto uja anabwerabwera kubekale, kenako anatopa n'kusiya. Wabuledi akadali paulendo wake, ndipo tiyi wa kuchipatala sanamwedwenso wopanda buledi chifukwa cha iye. Potsika chitunda amasiyiratu kupalasa akayandikira shedi, kuti a Khutu amve okha mmene njinga yadzukira, ndipo iwo amangokweza chala chachikulu osatembenuka. Loweruka masana njinga ija imagadamitsidwa pashedi pomwepo, ndipo chitini cha girizi wa lole anachibweza kwa mwini wake. Mnzake wa pantchito akamudandaulira kuti njinga ikumuvuta koma aona yekha chochita, Wabuledi amamugwira paphewa n'kumulozera kumphambano. Amamuuza kuti iye anatsala mphindi zinayi kuti ataye ntchito ndi nyumba, pamene yankho linali m'kabokosi ka machesi pamalo amene ankadutsa kawiri patsiku. Amamaliza ndi mawu amene anawamva kuyambira ali mwana koma anawamvetsa atakula: safunsa anadya phula.